Mafunso a Owerenga: Mapuloteni Amene Amaumba Duwa

Makalata angapo amene tinalandira mwezi uno anali okhudza maluwa, ndipo titawaika pamodzi tinaona kuti, ngakhale olemba ake sadziwana, onse akufunsa za chinthu chimodzi: n'chiyani chimene chimauza chomera kuti chisiye kutulutsa masamba n'kuyamba kuchita maluwa, ndipo n'chiyani chimene chimaika chiwalo chilichonse cha duwa pamalo pake? Tasankhapo makalata asanu.

Akonzi, ine ndine wophunzira. Aphunzitsi athu atiuza kuti duwa ndi masamba amene anasinthika, ndipo amati mapuloteni ndiwo amachititsa kusinthako. Ine ndimadziwa kuti mapuloteni ndi chakudya chomanga thupi. Nanga zimenezi zikugwirizana bwanji?

Aphunzitsi anu sanalakwitse, ndipo inunso simunalakwitse, kungoti mawu akuti mapuloteni ali ndi mbali ziwiri. Tikamadya timangowaona ngati chakudya, koma m'kati mwa selo lamoyo mapuloteni ndi antchito, ndipo alipo mitundu masauzande ambiri, uliwonse ndi ntchito yake. Ena amamanga, ena amanyamula zinthu, ndipo pali kagulu kena kamene ntchito yake ndi kukhala pa DNA, chingwe chachitali cha m'selo chimene chimasunga malangizo a chibadwa, n'kumatsegula kapena kutseka majini. Majini amene tikunena pano si aja amene anthu amaopa usiku, koma ndi timagawo ta DNA timene timasunga malangizo a kapangidwe ka puloteni iliyonse. Selo la tsamba ndi selo la duwa ali ndi majini ofanana ndendende. Chimene chimawasiyanitsa ndi majini amene atsegulidwa ndi amene atsekedwa.

Musanapitirize kuwerenga, thyolani duwa lililonse losavuta n'kulisenda pang'onopang'ono kuyambira kunja. Mupeza kuti ziwalo zake zinakhala ngati nkhata zinayi, ina m'kati mwa inzake. Kunja kwenikweni kuli timasamba tobiriwira timene tinakuta duwalo lisanamasule. Kenako pali timasamba tokongola timene timakopa njuchi ndi agulugufe. M'kati mwake muli timapesi tonyamula mungu, timene ndi mbali yachimuna, ndipo pakatikati pali chiwalo chachikazi chimene chimadzasanduka chipatso chokhala ndi njere. Mu 1790 wolemba wa ku Germany, Johann Wolfgang von Goethe, ananena kuti ziwalo zonsezi ndi masamba amene anangosintha maonekedwe, koma analibe njira yotsimikizira zimenezi, ndipo panatenga zaka pafupifupi 200 kuti umboni upezeke.

Umboniwo unachokera ku zomera zopunduka. Ofufuza ankadzala kachomera kakang'ono kotchedwa Arabidopsis thaliana, kamene kamakula n'kubereka njere m'milungu yochepa chabe, komanso duwa lina lotchedwa Antirrhinum, ndipo ankafunafuna zomera zimene maluwa ake anabadwa ndi ziwalo pamalo olakwika. Mu 1991 Enrico Coen wa ku malo ofufuzira za zomera otchedwa John Innes ku Norwich, m'dziko la England, ndi Elliot Meyerowitz wa ku yunivesite ya Caltech, m'dziko la America, anasonkhanitsa zimene anapeza n'kufotokoza kuti pali magulu atatu a mapuloteni, amene anawatcha A, B ndi C. Pamene pali gulu A lokha pamamera timasamba tobiriwira takunja. Pamene A wakumana ndi B pamamera timasamba tokongola. Pamene B wakumana ndi C pamamera timapesi ta mungu, ndipo pamene pali C yekha pamamera chiwalo chachikazi. Anaonanso kuti A ndi C samwerana madzi: wina akachoka, mnzakeyo amalowa m'dera lake lonse.

Chimene chinachititsa kuti anthu akhulupirire kufotokoza kumeneku n'chakuti kunkalosera molondola. Jini ya gulu B ikawonongeka, monga APETALA3 kapena PISTILLATA, duwa limatuluka lopanda timasamba tokongola ndiponso lopanda timapesi ta mungu. M'malo mwake limakhala ndi nkhata ziwiri za timasamba tobiriwira ndi nkhata ziwiri za ziwalo zachikazi. Magulu onse atatu akawonongeka nthawi imodzi, pamalo pa duwa pamamera timasamba wamba tokhatokha, monga mmene Goethe ankaganizira.

Komabe panali vuto limodzi. Ofufuza atatsegula majini a magulu atatuwa m'masamba enieni, masambawo sanasanduke maluwa, kusonyeza kuti panali chinachake chimene chinkasowa. Mu 2000 gulu la Martin Yanofsky ku San Diego linasonyeza kuti pali mapuloteni ena otchedwa SEPALLATA, amene tsopano amatchedwa gulu E, ndipo popanda iwowa magulu enawo sangachite kanthu. Chaka chotsatira ofufuza anaphatikiza gulu E ndi magulu enawo m'masamba, ndipo masambawo anasandukadi timasamba ta duwa. M'chaka chomwecho cha 2001, Günter Theissen ndi Heinz Saedler anafotokoza kuti mapuloteni amenewa amagwira ntchito ali anayianayi, atagwirana, ndipo amapinda DNA kuti agwire malo awiri nthawi imodzi. Timapesi ta mungu, mwachitsanzo, timaumbidwa ndi APETALA3, PISTILLATA, AGAMOUS wa gulu C ndi SEPALLATA. Mukachotsapo AGAMOUS n'kuikapo APETALA1 wa gulu A, kagulu komweko kamaumba timasamba tokongola.

Ambiri mwa mapuloteni amenewa ndi a banja limodzi lotchedwa MADS. Dzinali linatengedwa ku zilembo zoyamba za mapuloteni anayi: MCM1 wa mu yisiti, AGAMOUS wa mu Arabidopsis, DEFICIENS wa mu Antirrhinum, ndi SRF amene ali m'thupi la munthu. Choncho kachigawo kamene puloteni youmba duwa imagwirira DNA n'kofanana ndi ka puloteni ina imene ikugwira ntchito m'minofu yanu pamene mukuwerenga tsamba lino.

Akonzi, ndili ndi maluwa a rozi a mitundu iwiri. Wina uli ndi timasamba tisanu tokha ndipo umabereka tizipatso tambiri. Wina ndi wodzaza kwambiri, wokongola zedi, koma kawirikawiri subereka kanthu. Kodi ukusowa feteleza?

Feteleza sangasinthe zimenezi, ndipo musavutike kumuwonjezera. Rozi wakutchire amakhala ndi timasamba tisanu ndi timapesi ta mungu tambirimbiri pakati. Rozi wodzaza uja anapeza timasamba take tambirito posandutsa timapesi ta mungu kukhala timasamba tokongola. Mukang'amba duwa lake mpaka pakati mupeza tizinthu timene tinaima panjira: kachidutswa kopindika, kokhala ndi mtundu wa duwalo, koma m'mphepete mwake muli kathumba kachikasu ka mungu kamene sikanakhwime. Kameneko ndi kapesi ka mungu kamene kanatsala pang'ono kukhala tsamba.

Puloteni imene ili pakati pa nkhaniyi ndi AGAMOUS, ya gulu C lija, ndipo ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuumba ziwalo zoberekera. Yachiwiri ndi kutseka duwa, kutanthauza kuti chiwalo chachikazi chikangoumbidwa, AGAMOUS amazimitsa jini yotchedwa WUSCHEL imene imasunga maselo omera pansonga, ndipo duwalo limalekera pomwepo kukula. Mu Arabidopsis, AGAMOUS akasowa kotheratu, pamamera timasamba tobiriwira, kenako tokongola, kenakonso tokongola, ndiyeno pakati pamatuluka duwa lina, ndipo m'kati mwa limenelo mumatulukanso lina. Mu rozi wodzaza puloteni imeneyi siinasoweretu, koma dera limene imagwiramo ntchito linachepa n'kutsala pakati penipeni, moti gulu A linatenga malo amene anasiyidwa.

Kutchire chomera chotere chingavutike kuchulukana, chifukwa njuchi ikafika imapeza mungu wochepa ndiponso njira yotsekeka. Chimene chachisunga ndi dzanja la mlimi wa maluwa amene anachikonda n'kumachichulukitsa podula nthambi kapena pomezanitsa. Inunso, ngati mukufuna wina wofanana naye, muchite chimodzimodzi, chifukwa ngakhale mutapeza njere zingapo, ana ake sangafanane ndi kholo lawo.

Akonzi, ndinadzala poinsettia ziwiri tsiku limodzi. Imene ili kuseri kwa nyumba imafiira bwino chaka chilichonse, koma imene ili pafupi ndi babu loyaka usiku wonse imangokhala yobiriwira. Ndayesa kusintha dothi koma palibe chimene chasintha. Kodi chomera chimadziwa bwanji nthawi?

Wolakwa ndi babulo, ndipo funso lanu latifikitsa pa nkhani imene inazunguza akatswiri kwa zaka pafupifupi 70.

Mu 1920 Wightman Garner ndi Harry Allard, amene ankagwira ntchito ku unduna wa zaulimi wa dziko la America, anafalitsa zimene anapeza pa mtundu wa fodya wotchedwa Maryland Mammoth. Fodya ameneyu ankangotalika m'munda nyengo yonse yotentha osachita maluwa, koma akamusunga m'nyumba yagalasi m'nyengo yozizira, pamene masiku ndi aafupi, ankachita maluwa ngakhale ali wamfupi. Iwo atayesa kumulowetsa m'chipinda chamdima madzulo aliwonse kuti afupikitse tsiku, anachita maluwa m'nyengo imene sankayenera kutero. Pambuyo pake zinadziwika kuti zomera zamtundu umenewu zimayeza kutalika kwa usiku, osati kwa usana, ndipo kuwala kwa mphindi zochepa pakati pa usiku kumakwanira kuziletsa kuchita maluwa. Poinsettia, imene kwawo ndi ku Mexico, ili m'gulu limeneli. Masamba ake apamwamba amafiira pamene timaluwa take ting'onoting'ono tachikasu tikuyamba, ndipo kuti zimenezi zichitike imafuna mdima wosadukiza usiku uliwonse kwa milungu ingapo. M'masamba ake muli puloteni yotchedwa phytochrome imene imasintha kaumbidwe kake ikalandira kuwala kofiira, ndipo kwa puloteni imeneyi babu lanu ndi dzuwa limene lakana kulowa.

Chodabwitsa n'chakuti chimene chimayeza nthawi ndi tsamba, pamene duwa limamera kunsonga ya nthambi. M'zaka za m'ma 1930 Mikhail Chailakhyan wa ku Soviet Union anasonyeza zimenezi pophimba masamba okha kapena nsonga yokha: akafupikitsa tsiku ku masamba, nsonga inkachita maluwa ngakhale iyoyo ili powala, koma akaphimba nsonga yokha palibe chimene chinkachitika. Ofufuza enanso anaona kuti tsamba la chomera chimene chakonzeka kuchita maluwa likamezanitsidwa ku chomera chimene sichinakonzeke, chachiwiricho chimachita maluwa. Chailakhyan anati payenera kukhala uthenga umene umayenda kuchokera ku tsamba kupita kunsonga, ndipo anautcha florigen. Anthu anafinya masamba osawerengeka pofunafuna uthengawo, poganiza kuti ndi kamankhwala kakang'ono ngati mahomoni ena a zomera, koma sanaupeze, mpaka ena anayamba kukayikira ngati ulipodi.

Yankho linamveka bwino mu 2007, pamene gulu la George Coupland ku Cologne, m'dziko la Germany, ndi gulu la Ko Shimamoto ku Japan anasonyeza kuti uthengawo ndi puloteni yaing'ono. Mu Arabidopsis imatchedwa FT, ndipo mu mpunga imatchedwa Hd3a. Anailumikiza ku kachizindikiro kowala mobiriwira n'kuiona ikupangidwa m'mitsempha ya tsamba, ikuyenda m'njira zimene shuga amadutsamo, mpaka kukafika kunsonga. Ikafika kumeneko imagwirana ndi puloteni ina yotchedwa FD, ndipo pamodzi zimatsegula majini monga APETALA1, amene pamodzi ndi jini ina yotchedwa LEAFY amauza nsongayo kuti chotsatira chikhale duwa, osati tsamba.

Nanga tsamba limadziwa bwanji tsiku loyenera kutumiza FT? Mu Arabidopsis, imene imachita maluwa masiku akatalika, ntchitoyi ndi ya puloteni yotchedwa CONSTANS. Wotchi ya m'kati mwa chomera imachititsa kuti CONSTANS azipangidwa chakumadzulo tsiku lililonse, koma puloteni imeneyi siikhalitsa mumdima chifukwa imaphwanyidwa ikangopangidwa. Tsiku likakhala lalifupi, nthawi yake yopangidwa imakwana kunja kutada kale, ndipo imatha isanachite kanthu. Tsiku likatalika, imapangidwa dzuwa likadalipo, imachuluka, n'kutsegula jini ya FT. Mpunga uli ndi mapuloteni ofanana ndi amenewa koma analumikizidwa mosiyana, moti masiku akatalika puloteni yofanana ndi CONSTANS imatseka Hd3a m'malo moitsegula. Kwa ine, kumeneku ndiko kukongola kwa nkhaniyi: zida n'zomwezo, koma chomera china chimaziwerenga ngati chilolezo pamene china chimaziwerenga ngati chiletso.

Za poinsettia yanu, zimitsani babulo kapena isunthireni kumdima. Ngati zimenezi sizingatheke, muziivundikira ndi katoni yosalowa kuwala kwa maola pafupifupi 14 usiku uliwonse, osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, kufikira masamba apamwamba atayamba kufiira.

Akonzi, ngati florigen anapezeka, bwanji sagulitsidwa m'mabotolo kuti tizipopera mitengo yathu ya zipatso imene imachedwa kubereka?

Chifukwa chakuti ndi puloteni, ndipo puloteni yopoperedwa pa tsamba siingadutse khungu lake n'kukalowa m'mitsempha. Imangouma ndi dzuwa kapena kudyedwa ndi tizilombo tosaoneka. Chomera chiyenera kuipanga chokha. Aliyense wokugulitsani botolo lolembedwa dzina limeneli akukugulitsani chinthu china.

Mtengo womera kuchokera ku njere umachedwa chifukwa ukadali paubwana, ndipo pa nthawi imeneyo mapuloteni oletsa maluwa, monga TFL1 amene ndi m'bale wake wa FT koma wogwira ntchito yotsutsana naye, amakhala ndi mphamvu. Mu 1995 Detlef Weigel ndi Ove Nilsson anatsegula jini ya LEAFY mu mtengo wa aspen, ndipo unachita maluwa patangopita miyezi yochepa m'malo modikira zaka zambiri, koma zimenezo zinali za m'chipinda chofufuziramo. Njira imene mlimi ali nayo m'manja ndi kumezanitsa: nthambi yotengedwa ku mtengo umene ukubereka kale inadutsa ubwana wake, ndipo siibwereranso ikalumikizidwa ku tsinde laling'ono.

Akonzi, m'munda mwanga ndinapeza phesi la chimanga limene kungayaye kwake kunali njere, zopanda makoko ozikuta. Kodi ndi matenda, ndipo kodi mbewu yanga yawonongeka?

Si matenda, ndipo phesi limenelo lakuonetsani chinthu chimene nthawi zambiri chimabisika. Chimanga chili ndi maluwa aamuna kungayaye ndi aakazi pachisononkho, koma maluwa onsewa amayamba mofanana, ali ndi mbali zonse ziwiri. Munthu akasenda nsonga ya phesi laling'ono, ngayaye isanaoneke n'komwe, n'kuyang'ana pa makina okuza zinthu, amaona kuti kaduwa kalikonse kali ndi timaphundu titatu timene tidzakhale timapesi ta mungu ndi kaphundu kamodzi pakati kamene kadzakhale chiwalo chachikazi. Kusiyana kumabwera pambuyo pake, ndipo kumabwera mwa kuchotsa. Kungayaye maselo a chiwalo chachikazi amafa, pamene pachisononkho timapesi ta mungu timaleka kukula.

Amene amachititsa kuti chiwalo chachikazi chife kungayaye ndi mapuloteni a majini otchedwa tasselseed. Jini ya tasselseed2 inapatulidwa n'kuwerengedwa mu 1993, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti tasselseed1 imathandiza kupanga homoni yotchedwa jasmonic acid, imene imafunika pa ntchito imeneyi. Majini amenewa akawonongeka, ngayaye yonse imamera ndevu n'kubereka njere. Pachisononkho pali puloteni ya jini ina, silkless1, imene imateteza chiwalo chachikazi kuti chisafe, ndipo chimanga chimene chilibe puloteni imeneyi chimatulutsa zisononkho zopanda ndevu. Kumbali inayo, homoni yotchedwa gibberellin ndi imene imaletsa timapesi ta mungu kukula pachisononkho, n'chifukwa chake mitundu ina ya chimanga chachifupi kwambiri, imene imalephera kupanga homoniyi, imakhala ndi timapesi ta mungu pakati pa njere.

Komabe musafulumire kuganiza kuti mbewu yanu ili ndi jini yowonongeka. Ngayaye zokhala ndi njere zimene alimi amaziona m'munda kawirikawiri zimakhala pa mphukira zam'mbali, zija zimamera patsinde pa phesi lalikulu, makamaka pamene mbewu zatalikirana kapena pamene phesi lalikulu linavulala likadali laling'ono. Majini ake amakhala abwinobwino, kungoti mahomoni a m'mphukirayo sanafike pa mlingo wokwanira kumaliza ntchito yochotsa mbali yachikazi. Bwererani pa phesi lija mukaone ngati ngayayeyo ili pa phesi lalikulu kapena pa mphukira. Ngati ili pa mphukira, ndipo m'munda monse mwapezamo ziwiri kapena zitatu, zisiyeni. Njere zake zilibe chozikuta, choncho mbalame, mvula ndi chuku zidzazimaliza nthawi yokolola isanafike, ndipo chisononkho cha pa phesi lalikulu chidzakhwima monga mwa nthawi zonse. Mukaona kuti mapesi aakulu ambiri achita zimenezi, pamenepo m'pofunika kuitana mlangizi wa zaulimi kuti adzaone mbewuyo musanaisunge kuti mudzadzale chaka chamawa.